Ubale wa makhonsolo athu ndi mizinda yakunja: phindu lake likufika kwa ndani?

Nachisale (woyang'anira gulu):
Moni nonse pagulu pano. Sabata ino tiyeni tikambirane za makhonsolo athu ndi maubale amene amapanga ndi mizinda ya kunja. Ambirife tikamva za ubale wa maiko timangoganiza za pulezidenti, nduna ndi akazembe. Koma Blantyre ili paubale ndi mzinda wa Hannover wa ku Germany kuyambira 1968, ndipo msewu wa Hannover Avenue m'tauni muja dzina lake linachokera pamenepo. Zomba ili ndi mnzake, Urbana, wa ku Illinois ku America. Lilongwe ili paubale ndi Lusaka. Ndikufuna timve kwa inu: kodi munthu wa ku Bangwe, ku Chinsapo kapena ku Chikanda amapindula chiyani ndi maubale amenewa? Ndipo kodi ndi ntchito ya khonsolo kumayendetsa nkhani za kunja? Tilemekezane, za chipani tisiye panja.

Che Jafali wa kabaza:
Mayi, ine ndiyankhe mwachidule. Amapindula ndi amene amakwera ndege. Ife timangomva pa wailesi kuti a meya ndi anzawo apita kukaphunzira za ukhondo, akabwera zinyalala zili pomwe anazisiya.

Mayi a Chisomo:
Che Jafali mwanena zimene ndimafuna kunena. Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi mumsika. Tsiku lililonse wa chiphaso amabwera m'mawa, sajomba, ngakhale usanagulitse kanthu. Koma chimbudzi chathu madzi anasiya kalekale, ndipo mulu wa zinyalala kuseri kwa mashedi a nsomba umafika m'chiuno nthawi ya dzinja. Alendo a kunja anabwerapo, tinauzidwa dzulo lake kuti tisese ndi kuvala zoyera. Anajambula, anatifunsa mafunso kudzera kwa womasulira, anapita. Kuchokera pamenepo palibe amene anabwera kudzatiuza kuti zokambiranazo zinatha bwanji. Sindikudana ndi alendo ayi. Chimandiwawa n'choti ife amene timalipira chiphaso sitiuzidwa kanthu.

Agogo Phiri (ndinapuma ntchito ku khonsolo):
Ana anga, ndakumvani, ndipo simukunama. Ndagwira ntchito ku khonsolo ina ku dipatimenti ya zomangamanga mpaka kupuma, choncho ndiloleni ndilankhule motalikirapo.

Maubale amenewa alipo a mitundu iwiri. Woyamba ndi wa mphatso. Mzinda wa kunja umatumiza galimoto yotola zinyalala kapena yozimitsa moto imene kwawo yatha ntchito. Ife tinalandirapo yotere. Inali yokongola, yopanikiza zinyalala yokha kumbuyo, anyamata ankanyadira kuyenda nayo. Koma inapangidwira zinyalala za kwawo, mapepala ndi mapulasitiki opepuka. Zathu kuno ndi makoko a chimanga, masamba, phulusa ndi mchenga wosesedwa pabwalo, zonyowa komanso zolemera. Pampu ya hayidiroliki inafa. Sipeya yake m'dziko muno munalibe, ku South Africa kunalibe, ndipo buku lake linali m'chinenero chimene makaniko wathu sankachimva. Inakhala pamiyala kuseri kwa wekishopu, matayala anachotsedwa kukaikidwa ku lole ina, mpaka udzu unamera m'kati mwake. Amene anatumiza anali ndi mtima wabwino, koma palibe amene anafunsa makaniko kapena dalaivala asanatumize. Thirakitala wamba yokoka ngolo ikanatithandiza zaka zambiri.

Mtundu wachiwiri ndi wa ntchito, pamene injiniya amakhala pansi ndi injiniya mnzake, wowerengera ndalama ndi wowerengera mnzake. Umenewu sumveka pa wailesi chifukwa palibe chodula riboni. Koma ndi umene umasiya kanthu.

Che Jafali wa kabaza:
Agogo, chitsanzo cha wachiwiriwo chilipo m'Malawi muno? Tisangomva zokoma.

Agogo Phiri (ndinapuma ntchito ku khonsolo):
Chilipo. Cha m'ma 2008 khonsolo ya Lilongwe inapempha mzinda wa Johannesburg kuti uithandize kukonza ndondomeko ya chitukuko cha mzinda. Amene analumikizitsa awiriwa ndi bungwe la maboma ang'ono a padziko lonse la UCLG pamodzi ndi Cities Alliance, bungwe lothandiza chitukuko cha mizinda. A ku Johannesburg sanabwere ndi malole. Anabwera ndi anthu awo a mapulani amene anakhala pansi ndi anzawo a ku Lilongwe n'kuyamba kufunsa mafunso ovuta: muli ndi katundu wanji, mipando ingati ya akuluakulu ilibe anthu, ndani ali ndi ngongole ya msonkho wa nyumba ndi malo, mabuku a ndalama analembedwa mpaka chaka chiti. Kuchokera pamenepo ndiye panatuluka ndondomekoyo, ndipo kalembera wa ndalama ndi wa okhoma msonkho anayamba kulowa mu kompyuta. M'chaka cha 2012 ntchito imeneyi inapatsa Lilongwe mphoto ya Guangzhou ku China, yopatsidwa kwa mizinda yochita zinthu mwanzeru zatsopano, pamodzi ndi Vienna, Seoul, Vancouver ndi Kocaeli ya ku Turkey. Taganizirani, Lilongwe pamndandanda umodzi ndi mizinda imeneyo.

Chimene chinandisangalatsa ine n'choti aphunzitsiwo anali a mu Africa momwemuno. Munthu wa ku Johannesburg amadziwa kuti malo omangidwa popanda pulani ndi chiyani, ali nawo kwawo ku Alexandra ndi ku Diepsloot. Sumachita kumufotokozera chifukwa chake anthu amamanga m'mbali mwa mtsinje.

Tiyamike_Luanar:
Agogo zikomo, izi sindinazimvepo ngakhale ndakulira ku Lilongwe. Koma ndifunse mwaulemu. Mphoto inabwera 2012. Lero pitani ku Mtandire, ku Mgona kapena ku Kauma nthawi ya mvula, muone ngalande. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mu mzinda wa Lilongwe ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'malo ngati amenewa. A JICA a ku Japan nawonso anathandiza kulemba pulani yaikulu ya mzindawu cha m'ma 2010. Mapulani tili nawo ambiri. Vuto si pamenepo kodi, kuti timalemba bwino koma sitichita?

Bambo Nkhoma, mphunzitsi:
Tiyamike wakhudza pachilonda. Koma tisaiwale mbiri ya makhonsolo athu. Lamulo la maboma ang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu zinabwera mu 1998. Makhansala oyamba tinawasankha mu 2000, nthawi yawo inatha 2005, ndipo kuchokera pamenepo dziko lino linakhala opanda khansala ndi mmodzi yemwe mpaka chisankho cha patatu cha 2014. Ndiye kuti pamene a ku Johannesburg ankabwera ku Lilongwe, kunalibe meya wosankhidwa woti n'kunyamula ndondomekoyo kupita nayo kwa anthu. Mu 2010 lamulo lija linasinthidwa, aphungu a Nyumba ya Malamulo anapatsidwa voti m'khonsolo, ndipo mphamvu yosankha bwanamkubwa kapena mkulu wa khonsolo inapita kwa nduna. Meya wathu sasankhidwa ndi anthu onse a mumzinda, amasankhidwa ndi makhansala anzake, ndipo amakhala zaka ziwiri ndi theka zokha. Mnzake wa ku Hannover amasankhidwa ndi anthu ndipo amakhala nthawi yotalikirapo. Iye akamabwera kudzaona ntchito imene munagwirizana, amapeza nkhope zatsopano zokhazokha, ayambenso kufotokoza pachiyambi.

Kenako ndalama. Ndondomeko ya 1998 inati boma lizipereka ku makhonsolo zosachepera 5 peresenti ya ndalama zimene latolera. Bungwe la makhonsolo la MALGA lakhala likudandaula chaka ndi chaka kuti zimene zimafika n'zochepa ndipo zimachedwa. Khonsolo imene ikulephera kugula dizilo wa lole singakhale pa tebulo ndi mzinda wina ngati mnzake. Imapita ngati wopempha basi.

Achimwene a ku Joni:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma poti mwatchula Johannesburg ndiyankhulepo, ndimakhala konkuno. Chaka chomwecho cha 2008, mwezi wa May, ndi pamene ziwawa zothamangitsa obwera zinayamba ku Alexandra. Amalawi ambiri anataya katundu, ena anabwerera kumudzi pa mabasi amene boma linatumiza. Zinachitikanso ku Durban mu 2015 ndi 2019. Sindikunyoza ntchito imene agogo afotokoza, inali yabwino. Koma ine ndimati ngati mizinda iwiri ili paubale, nkhani ya anthu a mzinda umodzi amene akukhala mu mzinda winawo izikhala pamwamba. Amene amapereka malo ogulitsira malonda mumsewu kuno ndi khonsolo. Apolisi a mzinda amene amalanda katundu wa mavenda ndi a khonsolo. Makiliniki ambiri a m'makomboni ndi a khonsolo. Kazembe wathu ali ku Pretoria amalankhula ndi boma, koma moyo wathu wa tsiku ndi tsiku uli m'manja mwa khonsolo. Meya wa kwathu akabwera kuno, bwanji osapempha kukumana ndi magulu a Amalawi, aja timasonkherana ndalama za maliro aja, n'kutengera madandaulo athu kwa meya mnzake?

Nachisale (woyang'anira gulu):
Achimwene, mfundo imeneyo ndi yatsopano kwa ine ndipo ndaikonda. Ena amene muli kunja tiuzeni.

Nangozo ku Glasgow:
Ine ndine namwino kuno ku Scotland. Ubale wa kuno ndi kwathu ndi wakale, Blantyre yathu inatchedwa dzina la kamudzi kamene David Livingstone anabadwirako mu 1813, sikali kutali ndi Glasgow. Mu 2005 a Jack McConnell, amene ankatsogolera boma la Scotland, ndi malemu Bingu wa Mutharika anasainirana mgwirizano. Chonsecho Scotland si dziko loima palokha, nkhani za kunja zimayendetsedwa ku London. Ndiye funso la mayi Nachisale loti kodi boma laling'ono lingachite za kunja, yankho ndi loti zikuchitika kale.

Chimene ndaona kuno n'choti mphamvu ya ubalewu ili pansi. Sukulu ya kuno ili ndi sukulu inzake ku Mulanje kapena ku Ekwendeni, mpingo ndi mpingo unzake, chipatala ndi chipatala. Bungwe la Scotland Malawi Partnership limangowalumikizitsa. Agogo wina woyera mutu amakufunsa m'wodi kuti kwanu ndi kuti, ukati Malawi amayamba kukuuza za Livingstonia. Meya akasintha, ubale wotere sugwa, chifukwa suli mu ofesi ya munthu mmodzi. Ku Hannover nakonso kuli gulu la anthu wamba okonda Malawi limene limasamala za ubale ndi Blantyre. Funso langa n'loti mbali yathu, gulu la anthu wamba lotere lili kuti? Tonse tinasiyira a khonsolo, kenako tikudabwa kuti sitimva kanthu.

Che Jafali wa kabaza:
Achemwali, gulu lotere ukaliyambitsa kuno, mawa lomwe ladzaza ndi ofuna ulendo wa ku Ulaya.

Nangozo ku Glasgow:
Zoona zimenezo zimachitika, sindikana. Koma ndiye tisiye? Malamulo a gululo anene poyera kuti ulendo ndi wa munthu amene akugwira ntchitoyo ndi manja ake. Nkhani ikakhala ya zimbudzi za mumsika apite mayi a Chisomo ndi woyang'anira zaumoyo, osati wapampando.

Mayi a Chisomo:
Ine ulendo sindikuufuna mwana wanga, tomato wanga angaole. Angobwera atifunse, ndipo akamaliza adzatiuze zimene agwirizana.

Injiniya Mbewe:
Ndiloleni ndibweretse Beira, chifukwa ndi pafupi ndipo katundu wathu wambiri, mafuta ndi feteleza, amadutsa padoko limenelo. Malemu Daviz Simango anali meya wa Beira kuyambira 2003 mpaka pamene anamwalira mu 2021, ndipo sanali wa chipani cholamula cha Frelimo. Ndalama za ku Maputo sankazidalira kwenikweni. Anadzipezera abwenzi: a ku Netherlands, akatswiri a madzi, anamuthandiza kulemba pulani ya mzinda yofika 2035. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inathandiza kukonza ngalande zikuluzikulu, ndipo a ku Germany anathandiza kutsegula mtsinje wa Chiveve umene unali utatsekeka ndi zinyalala pakati pa mzinda. Namondwe wa Idai atafika mu March 2019 mphepo inasasula madenga pafupifupi mzinda wonse, koma m'madera amene ngalande zinakonzedwa madzi sanakhalitse ngati kale. Beira ilinso paubale ndi Bristol ya ku England kuyambira 1990, ndipo anthu a ku Bristol anasonkha thandizo nthawi imeneyo.

Tsopano taganizirani namondwe wa Freddy mu March 2023. Matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe anthu ali m'tulo. Chaka chomwecho tinali pakati pa kolera amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kumene anthu amange, kumene madzi adutse, kumene zinyalala zitayidwe, zonsezi ndi ntchito za khonsolo, si za kazembe. Ine ndikanakhala ndi mphamvu, ndikanatumiza mainjiniya a Blantyre, Zomba ndi Mzuzu pa basi kupita ku Beira, akakhale mwezi wathunthu akuyenda m'ngalande ndi anzawo a kumeneko. Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, inde, koma si mlendo wa kutsidya kwa nyanja yekha.

Tiyamike_Luanar:
A injiniya, koma Beira ndi mzinda wa m'mbali mwa nyanja, wathyathyathya. Blantyre ndi mapiri. Tikaphunzirako chiyani?

Injiniya Mbewe:
Mapangidwe a ngalande asiyana, zoona. Koma tikaphunzire mmene anakambirana ndi anthu okhala m'njira ya madzi, mmene amalipirira anthu ochotsa zinyalala m'ngalande mvula isanayambe, ndi mmene khonsolo inalembera mapulani ake mwadongosolo mpaka opereka ndalama n'kuikhulupirira. Opereka ndalama amafuna aone mapu, chiwerengero cha nyumba ndi mabuku a ndalama ofufuzidwa. Ukapita chimanjamanja amakumvera chisoni, koma ndalamazo amapatsa bungwe lawo lomwe kuti lidzagwire ntchitoyo m'malo mwako.

Bambo Nkhoma, mphunzitsi:
Ndionjezere chenjezo limodzi. Mzinda sungathamange kupitirira boma. Lilongwe inapalana ubale ndi Taipei, Blantyre ndi Kaohsiung, nthawi imene Malawi inali bwenzi la Taiwan. Kumapeto kwa 2007 boma linatembenukira ku Beijing, ndipo palibe khonsolo imene inafunsidwa maganizo. Ku Senegal mu 2015 mzinda wa Dakar, meya wake ali Khalifa Sall, unakonza zobwereka ndalama pamsika wa zachuma kuti umangire mavenda msika. Zonse zinali zokonzeka, abwenzi a kunja anali atavomera kuikira kumbuyo, koma boma linaimitsa masiku omaliza. Choncho amene akuti meya angochita ngati Simango adziwe kuti boma likaona meya akutchuka kunja limayamba kumuona ngati wopikisana naye.

Aphiri a ku Mchinji:
Nonse mukukamba za mizinda ikuluikulu, ife a m'maboma a m'malire mwatiiwala. Makhonsolo m'Malawi muno alipo 35, ya mizinda ndi inayi yokha. Kwathu kuno maiko akunja si nkhani ya ndege ayi. Chipata ili pafupi kuposa Lilongwe. Anthu amadwalira uku n'kukagonekedwa uko, ana amawoloka malire kupita kusukulu, ng'ombe yobedwa kuno imakapezeka kutsidya. Ku Dedza ndi ku Ntcheu msewu weniweniwo ndiwo malire, pa Lizulu mbatata ya ku Angonia ndi ya ku Malawi zimagulitsidwa pamulu umodzi. Poliyo itapezeka ku Lilongwe mu February 2022, patangopita miyezi yochepa inapezekanso m'chigawo cha Tete. Matenda safunsa pasipoti. Ngati a zaumoyo a ku Mchinji ndi a ku Chipata sapatsana manambala a foni, katemera wa mbali imodzi ndi wongotaya.

Ndipo mafumu anayamba kale zimenezi. Chaka chilichonse mwezi wa August mafumu a Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana ku Mkaika ku Katete pa Kulamba, aliyense kukafotokozera Kalonga Gawa Undi mmene dera lake lilili. Chinenero chimodzi, palibe womasulira. Ngati mafumu akutha, chikuletsa n'chiyani makhonsolo a Mchinji, Chipata ndi Angonia kukhala pansi kawiri pachaka kukambirana za misika, katemera wa ziweto ndi mitengo imene ikutha ndi makala?

Agogo Phiri (ndinapuma ntchito ku khonsolo):
Aphiri anzanga, chimene chimaletsa ndikuuzeni, ndi alawansi. Ulendo wa ku Chipata ndalama yake ndi yochepa, wa ku Ulaya ndi ya madola. Ndanena izi ndi chisoni chifukwa ndaziona ndi maso anga: kalata yoitana munthu wa zaukhondo ikafika, dzina limene limabwerera ndi la munthu amene sanagwirepo fosholo. Wopita uja akabwera lipoti salemba, kapena amalemba n'kulitsekera mu kabati. Anyamata ndi atsikana akhama m'makhonsolo alipo ambiri, ndawasiya komweko, koma mwayi suwafika.

Che Jafali wa kabaza:
Ndiye mwabwerera ku mawu anga oyamba aja agogo.

Agogo Phiri (ndinapuma ntchito ku khonsolo):
Theka lake lokha, Che Jafali. Inu mukuti zonse n'zachabe. Ine ndikuti chinthucho n'chabwino koma chikugwiridwa molakwika. Hannover yomweyi inapalana ubale ndi Bristol mu 1947, nkhondo itangotha, mizinda yonse iwiri ili mabwinja chifukwa cha mabomba a wina ndi mnzake. Anthu a ku Bristol anasonkha nsapato ndi zovala kutumizira ana a ku Hannover amene ankalephera kupita kusukulu m'nyengo yozizira. Maboma awo anali asanakhululukirane bwinobwino, koma mizinda inayamba. Chinthu chotere sindingachitche chachabe.

Tiyamike_Luanar:
Ndiye ife tingachite chiyani, kupatula kudandaula pagulu pano? Ine ndikuganiza za lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani, lija linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Khonsolo ndi ofesi ya boma, ikuyenera kuyankha. Tingathe kulemba kalata yopempha zinthu zitatu: mapepala a mgwirizano uliwonse umene khonsolo inasainira ndi mzinda wa kunja, maina a maudindo a amene anayenda maulendo zaka zitatu zapitazi ndi ndalama zimene zinapita, komanso malipoti amene analemba atabwera.

Bambo Nkhoma, mphunzitsi:
Ndi zotheka. Komanso msonkhano wa khonsolo yonse munthu wamba amaloledwa kukakhala n'kumamvetsera, ambiri sadziwa. Yambani ndi khansala wa dera lanu, mufunseni ngati anaonapo pepala la mgwirizano ndi mzinda uliwonse. Mukapeza kuti nayenso sanalionepo musamunyoze, mutengeni akhale mbali yanu, iyeyo ndi amene angafunse funsolo m'khonsolo likalembedwa mu maminitsi.

Mayi a Chisomo:
Kalatayo ikalembedwa m'Chichewa ndidzaitengera ku komiti ya msika, tidzasaina ambiri. Koma muikemonso funso la ndalama za chiphaso, kuti pa mwezi zimatoleredwa zingati ndipo zimagwira ntchito yanji. Alendo asanatithandize tidziwe kaye zathu zomwe.

Achimwene a ku Joni:
Muikemonso ya ife a kunja. Tikufuna kudziwa ngati m'mapepala amenewo muli mzere ngakhale umodzi wokamba za anthu.

Nachisale (woyang'anira gulu):
Chabwino. Tiyamike, lemba kalatayo uiike pano Lachisanu, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Bambo Nkhoma ndi agogo Phiri muione ngati yalunjika ofesi yoyenera. Aphiri a ku Mchinji, inu mukonze ina yogwirizana ndi khonsolo ya boma, chifukwa mafunso anu a m'malire ndi osiyana ndi a m'tauni. Amene muli ku Zomba ndi ku Mzuzu simunayankhulepo, tikufuna munthu mmodzi mbali iliyonse woti akapereke kalatayo pamanja ndi kusainitsa kuti yalandiridwa.

Nyagondwe wa ku Chibavi:
Ku Mzuzu ndipita ndine mayi. Munditumizire ikatha, ndipo mundiuze ngati pamafunika fomu yapadera kapena kalata wamba ikukwana.